Mpando pa Msonkhano wa Chiimirire

Nyumbayo kale inali yosungiramo matumba a simenti, ndipo dzuwa likatentha fungo lake linkatulukabe m'makoma. Tsopano munali matebulo ataliatali, mawaya oyanga pansi ngati mbatata, ndi ketulo imodzi yomwe aliyense ankati waisiya yopanda madzi ndi mnzake. Munthu ankabwera kuno ndi ganizo lake, eni nyumba n'kumupatsa tebulo, magetsi ndi intaneti kuti alilere mpaka lidzayende lokha. Matebulo anali ochepa. Amene anali asanapeze malo ankakhala pakhonde, malaputopu ali pamiyendo, n'kumasuzumira mkati nthawi ndi nthawi kuti aone ngati pali amene akulongedza.

Tebulo la pafupi ndi chitseko chakumbuyo linali la anthu atatu. Ankapanga pulogalamu ya pafoni yoti mjigo ukawonongeka kumudzi, munthu angodina batani, uthenga ufike kwa wokonza mijigo wapafupi. Ganizoli linali la bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito ya madzi mpaka kupuma. Mwana wa mlongo wawo ndiye ankalemba pulogalamuyo, ndipo poti iye ankawaitana kuti Malume, nyumba yonse inatengera, mpaka mlonda wa pageti. Mtsikanayo anthu ankangomuti Sisi. Anakulira m'nyumba ya a Malume chimwalirireni mayi ake, ndipo ankakhalabe komweko. Wachitatu anali Zingwe, bambo wa mwana mmodzi, amene m'thumba lililonse ankatulutsamo chingwe cha foni, kupatula cha foni yake.

Ntchito m'nyumbamo inkayenda m'ndime, monga amachitira kumunda. Mawuwo anabwera nawo ndi mayi amene ankayang'anira magulu onse, amene anthu ankawatcha Alangizi. Ndime imodzi inali sabata ziwiri. Poyamba ndime, gulu linkasankha ntchito zochepa zimene lingathe, n'kuzilemba pa timapepala tomata, kapepala kamodzi ntchito imodzi. Bolodi la pakhoma linali ndi mizere itatu: Zodikira, Zili M'manja, Zatha. Lachisanu lotsiriza ndime, gulu lililonse linkaonetsa anthu chinthu chogwira ntchito, ngakhale chikhale chochepa ngati chikhadabo. Gulu lolephera kuonetsa kanthu ndime zitatu zotsatizana linkasiya tebulo n'kupita pakhonde. Gulu la a Malume linali litalephera kale kawiri.

M'mawa uliwonse gulu linkaima pabolodi lake. Aliyense ankanena zinthu zitatu: chimene anachita dzulo, chimene achite lero, ndi chimene chikumutsekereza. Alangizi ankati msonkhanowu ndi wa chiimirire dala, kuti miyendo ikatopa pakamwa patseke. Koma tsiku loyamba lenileni Sisi anaona a Malume ataima pakati pa ana, bondo lawo lodwala likunjenjemera, ndipo manja ake anachita okha. Anakoka mpando, anaupukuta ndi chikhatho, n'kuwaikira. Kuyambira pamenepo mpandowo unkabwera m'mawa uliwonse, ndipo munthu wokhala pansi satopa kulankhula.

Lachiwiri la ndime yachitatu, a Malume anafika nkhope ili ngwee. Sisi ankalawirira kudzayatsa makompyuta, iwo ankabwera ndi basi yapambuyo. Zingwe atawaona akulowa anaweramira kwa Sisi.

"Akwera ndi munthu wanzeru lero," ananong'ona. "Tatha."

"Ana inu," anatero a Malume atakhazikika pampando, "m'basi ndakhala ndi mayi wina. Akuti kwawo ambiri sadziwa kuwerenga. Ndiye batani lathulo alidziwa bwanji? Foni izilankhula yokha. Izinena kuti, dinani apa."

"Ndi zoona, Malume," anatero Sisi.

Zinalidi zoona. Vuto lake linali lomwelo, loti zonse zimene a Malume ankabwera nazo zinali zoona. Dzulo lake anati pulogalamu izionetsa mapu. Ndime yapita anati izijambula chitsulo chothyokacho, kuti wokonza asanyamule sipanala yolakwika. Asanatero anati wokonzayo azitha kuyankha kuti ndikubwera. Ganizo lililonse ankalilemba ndi dzanja lawo lokongola lija, n'kulimata osati pa Zodikira, koma pamwamba penipeni pa Zili M'manja. Awiriwo ankasiya chimene agwira n'kutola chatsopanocho. Mzere wapakati unadzaza mpaka timapepala tinkakwerana. Mzere wa Zatha unali mbee, moti Zingwe anakhomapo kamsomali n'kumapachikapo kiyi wa njinga yake.

Alangizi anafika pamene ankatsiriza, anaima pambali manja ali kumbuyo.

"Chokutsekereza, Zingwe?"

"Palibe, mayi. Njira ndi yoyera."

"Sisi?"

"Palibe."

"A Malume?"

"Ine chonditsekereza n'chakuti ana awa ali ndi manja awiriawiri basi," anatero a Malume akuseka, ndipo onse anaseka nawo.

Alangizi anayang'ana bolodi, anayang'ana mpando, n'kupita ku gulu lina.

Masana Sisi anapeza Alangizi pa ketulo akudikira madzi.

"Kapepala koyamba kaja," anatero Alangizi, "koti uthenga ufike kwa wokonza, kali pati?"

"Kali m'manja."

"Manja a ndani? Ndakafunafuna pabolodi, ndakapeza pansi pa anzake, kapindika kale ngati tsamba louma."

Sisi anayang'ana m'kapu yake yopanda kanthu. "Mukanawauza ndinu, mayi. Inu angakumvereni."

"Angandimvere, inde. Masiku angapo. Kenako adzati mayi uja sadziwa za mijigo, ndipo adzakhala akunena zoona. Funso lachitatu lija ine ndimangolifunsa. Yankho lake ndi lanu."

"Kwathu mwana sauza wamkulu kuti mwatseka njira."

"Kwathunso," anatero Alangizi. "Koma pakhonde paja pali amayi awiri a pulogalamu ya osoka zovala. Dzulo anandifunsa ngati soketi ya patebulo lanu imagwira."

Ketulo inazima yokha. Alangizi anathira madzi m'kapu ya Sisi kaye, kenako m'yawo.

Madzulo, ataweruka, Sisi anapeza a Malume pakhonde la kunyumba, thalauza atalipinda, akusisita bondo ndi mankhwala onunkhira. Pambali pawo panali kale kapepala ndi cholembera.

"Malume, pali kankhani."

"Nena, mwanawe." Anamupatsa malo pabenchi. "Ukudziwa, ndikakuona pakompyuta paja ndimakumbuka uli kamwana, utamasula wailesi yanga ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinkafuna kukukalipira, koma ndinapeza watandika timisomali tonse pamzere, tating'ono uku, tatikulu uku. Ndinati, ameneyu akaphunzira basi. Mayi ako akanaona..." Anasisitanso bondo. "Wati kankhani?"

"Ndimati mankhwala a bondowo atsala pang'ono."

Kukhitchini akazi a Malume anali akutsuka makapu, ndipo zonse anazimva kudzera pawindo.

"Botolo ndagula dzana, lili lodzaza," anatero osatembenuka. "Ukunama ngati mwana wakuba shuga, milomo ili mbuu. Tanena."

Sisi anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta makapu, ndipo anafotokoza za bolodi, za timapepala, za Lachisanu.

"Amalume ako amenewo," anatero mayiwo. "Pita kuseri ukaone khola la nkhuku. Analiyamba iwe usanabwere m'nyumba muno. Chitseko chake n'chabwino kuposa cha kuchipinda kwathu, loko ndi mahinjesi omwe. Kuli kawindo, kuli ndi kamakwerero. Denga ndiye palibe."

"Ndiye inu munatani?"

"Ine nkhuku ndimagoneka m'khitchini. Iwe khitchini ulibe." Anamupatsa kapu ina. "Akwiya, usadzinamize. Koma mkwiyo wawo ndi wa chete. Suluma, umangozizira."

M'mawa mwake Sisi anakoka mpando monga mwa nthawi zonse, anaupukuta. A Malume anakhala, kapepala katsopano kali m'manja, koti pulogalamu izikumbutsa anthu kuthira girisi. Alangizi anali ataima kumbuyo.

Zingwe anayamba. "Dzulo ndinayamba kuphunzitsa foni kulankhula. Pakali pano ikungotsokomola. Lero ndipitiriza. Chonditsekereza palibe."

"Dzulo ndinasiya mapu n'kuthandiza Zingwe," anatero Sisi. "Lero..." Anaima. Anayang'ana nsapato za a Malume, zimene anazipolisha yekha m'mawa womwewo. "Chonditsekereza chilipo."

Zingwe anapisa m'thumba, anatulutsa chingwe chopiringizana n'kuyamba kuchimasula mosamala kwambiri.

"N'timapepala tanu, Malume."

"Kweza mawu. Khutu ili linagontha ndi mainjini."

"N'timapepala tanu," anabwereza Sisi, dzanja lina lili m'linzake. "Palibe kolakwika, n'tabwino tonse. Koma tikangoyamba mzere, mwatiitanira ku mzere wina. Munda wonse tautosatosa, palibe pamene tabzala. Lachisanu la sabata yamawa tikapanda kuonetsa kanthu, tebulo lapita. Ndikupempha mutisiyire kamodzi, koyamba kaja, timalize."

Pa tebulo loyandikana nalo anthu anasiya kulemba. A Malume anatembenukira kwa Zingwe.

"Nawenso?"

"Ine, Malume, ndimangolumikiza zingwe."

"Ndakufunsa."

"Ichi chakoma, ichi chakoma, Malume... pusi uja mukumudziwa."

"Ndiye pusiyo ndine."

"Ayi, ayi. Pusi ndi ine. Wolumpha nthambi ndi ine, Malume, inu mumangoloza."

Palibe anaseka. A Malume anagwira bondo, anadzuka pang'onopang'ono, anapita pabolodi. Anayamba kumatula timapepala tawo kamodzikamodzi, kalikonse akukawongola ndi chala asanakaike m'thumba la malaya. Ka mapu, ka chithunzi, ka kulankhula, ka kuyankha, ndi tina timene awiriwo anali atatiiwala. Pomaliza panatsala koyamba kaja kokha, kofwifwa, ngodya zitapindika. Kenako ananyamula mpando. Sisi anatambasula dzanja kuti awalandire.

"Usiye."

Anakaubwezera kutebulo okha, anatenga chipewa chawo, n'kutulukira chitseko chakumbuyo.

"Msonkhano watha," anatero Alangizi. "Kagwireni ntchito."

Masiku otsatira a Malume sanabwere. Sisi ndi Zingwe anatenga kapepala kamodzi kaja n'kukaduladula: batani palokha, kusankha dzina la mudzi palokha, kutumiza uthenga palokha. Msonkhano wawo wa m'mawa unkatha ketulo isanawire. Kachidutswa koyamba katawolokera pa Zatha, Zingwe anachotsa kiyi wa njinga yake n'kumuika m'thumba, ndipo madzulo anamufunafuna pakati pa zingwe mpaka mlonda anabwera kudzathandiza.

Kunyumba kunali kozizira monga ananenera akazi a Malume. A Malume sankakalipa. Ankadya, ankamvera wailesi, ankasisita bondo. Akafuna kunena kanthu kwa Sisi ankadzera mwa akazi awo.

"Uwafunse abwana ngati amwa tiyi."

"Ali pomwepa abwanawo, afunseni nokha."

"Ine ndingatseke njira."

Sisi ankangolandira kapu yake ndi manja awiri.

Panatsala chinthu chimodzi. Lamulo la Alangizi linali loti poonetsa, chinthucho achigwire munthu weniweni amene chinapangidwira, osati mnzako wa patebulo. Pankafunika wokonza mijigo. Sisi sankadziwa ndi mmodzi yemwe, onse anali anzawo a Malume. Anazengereza mpaka Lachisanu litayandikira. Ndiye madzulo ena anakhala pansi pafupi ndi benchi, anafotokoza, anapempha. A Malume anamvetsera maso ali pa wailesi.

"Ndamva," anatero.

Sisi sanafunse kuti ndamva ameneyu ndi inde kapena ayi.

Lachisanu masana anakankhira matebulo kumakoma n'kuyala mipando pakati. A pakhonde nawo analowa. Amayi awiri a osoka zovala anakhala pafupi ndi chitseko chakumbuyo, zikwama zili pamiyendo. Magulu ena anaonetsa zawo, ena anawombedwa m'manja, ena anafunsidwa mafunso ovuta. A Malume sanaoneke.

"Nditumize ku foni ya mayi a kunyumba," ananong'ona Zingwe. "Anene kuti amakonza mijigo."

"Alangizi amawadziwa."

"Avale chipewa."

"Khala chete, Zingwe."

Alangizi anaitana gulu lawo. Sisi anaimirira, foni ili m'manja, anayamba kufotokoza za mjigo umene umatha chilimwe chonse uli wofa chifukwa palibe akudziwa woti amuuze. Mawuwo anali a Malume, ndipo anawanena monga momwe iwo ankawanenera. Ali pakati, chitseko chakumbuyo chinatseguka. A Malume analowa ndi bambo wina wamfupi wovala ovololo, girisi ali m'zikhadabo. Anakhala kumbuyo kwenikweni. A Malume sanayang'ane kutsogolo, anangomugunda mnzawoyo ndi chigongono.

"Akuti mukufuna nambala yanga," anatero bamboyo.

Anaitchula, Zingwe anailowetsa. Sisi anasankha dzina la mudzi umene bamboyo ankagwirako, n'kudina batani.

Wina anatsokomola. Mmodzi wa amayi a osoka zovala anasuntha chikwama chake. Zingwe anayang'anitsitsa laputopu ngati angaukankhe uthengawo ndi maso. Sisi anaima chiimire, chala chikadali pa batani.

Kenako m'thumba la ovololo munalira tambala. Bamboyo anatulutsa foni yong'ambika galasi, anaitalikitsa ndi nkhope, anawerenga mokweza liwu ndi liwu.

"Mjigo wawonongeka pamudzi wa..." Anapendeketsa foni. "Dzina lathera panjira. Koma midzi yoyamba choncho kwathu ndi iwiri, ndipo wina ulibe mjigo. Ndaudziwa."

Anthu anaseka, ena anawomba m'manja. Alangizi anadikira phokoso lithe.

"Chikutsimphina," anatero, "koma chikuyenda. Tebulo likhala."

Amayi awiri aja anayang'anana, anakoleka zikwama pamapewa. Wina anagwedezera Sisi mutu, osati mwaukali, monga amachitira anthu pamzere wa kuchipatala wina akaitanidwa.

"Ndifunse nawo," anatero wokonza mijigo uja, foni ikadali m'mwamba. "Uthenga ndalandira. Nanga ine ndikafuna kuwauza anthuwo kuti ndikubwera, asafune wina, ndidina pati?"

Zingwe anayang'ana Sisi. Kumbuyo kuja dzanja la a Malume linakwera mpaka pathumba la malaya, linaima pomwepo, kenako linatsikira pabondo.

"Pamenepo sitinafike, bambo," anatero Sisi. "Ndi za ndime ikubwerayi."

Lolemba linali tsiku losankha ntchito za ndime yatsopano. Sisi analawirira, anayatsa makompyuta, anathira madzi m'ketulo. Atamva mapazi a Malume pakhomo, anangozindikira dzanja lake lili kale pa mpando.

"Usiye," anatero a Malume.

Anaima pabolodi pakati pa awiriwo, mwendo wodwala atautambasulira pambali. Anatulutsa timapepala tija m'thumba, titafewa ndi thukuta, tina guluu atatha moti Zingwe anachita kuwapatsa selotepu. Anatimata tonse pa Zodikira, kamodzi pansi pa kanzake, mowongoka ngati mizere ya mbewu.

"Abwana asankhe."

Sisi anatenga ka kuyankha kaja. Analemba kena katsopano koti dzina la mudzi lizifika lonse.

"Tiwiri basi?"

"Tiwiri, Malume."

"Ka girisi n'kosavuta."

"Kadikire."

A Malume anakayang'ana ka girisi kanthawi ndithu, kenako anachotsa maso. Alangizi anafika, anaima pambali. Zingwe ananena zake, Sisi ananena zake.

"Ine dzulo ndinapuma," anatero a Malume. "Lero ndipita kukapeza okonza ena, ayese nawo chinthuchi. Chonditsekereza ndi bondo." Anapuma pang'ono, nkhope inayamba kuwala. "Komatu m'basi lero ndakhala ndi bambo wina wa zamapaipi. Akuti..."

Anasuntha mwendo. Pamphumi panakwinyika. Anagwira m'mphepete mwa bolodi, anayang'ana mpando, anayang'ananso bolodi.

"Ndilemba kapepala," anatero. "Kadikire ndi tinzake."

Msonkhano unatha. Zingwe anaponya chikwama chake pa mpando uja, zingwe zikulendewera mpaka pansi. A Malume anavala chipewa kuti azipita kwa okonza mijigo. Pachitseko anaima n'kutembenuka, ndipo Sisi anadzutsa mutu, kudikira kuti amuitane mwanawe monga kale.

"Abwana, nambala zawo ndibwere nazo papepala kapena ndikuimbireni foni?"

"Papepala, Malume."

Anagwedeza mutu n'kutuluka. Sisi anamvetsera mapazi awo, lina lolemera lina lopepuka, mpaka anafika pageti. Kenako anasuntha kapepala ka kuyankha kupita pa Zili M'manja, anakanikiza ngodya zake ndi chala kuti kamamatire, n'kukhala pansi kuyamba ntchito.